Mkazi wa Nasoni wa ku Ofesi

Kawale, Lilongwe
Juni, 1974

Okondedwa achimwene a Bauleni,

Muli bwanji ku Zombako pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno ana ali bwino, koma ine mtima uli m'malere.

Alamu anu a Nasoni agwa pa nyumba yosanja imene akumanga ku City Centre. Anzawo akuti anawanyamula pa lole atakomoka. Ena akuti ali kuchipatala konkuno, ena akuti anawapititsa ku Blantyre. Kuchipatala anandibweza kuti ndikafunse kukampani.

Kumeneko kalaliki wa tayi anandiyang'ana kumapazi, n'kunena kuti nkhani za munthu amauza mwini wake yekha, kapena amene iye anamutchula polowa ntchito. Ndinati ndine Evelesi, mkazi wawo. Iye anayankha osadzutsa n'komwe mutu: "Akazi awo ndi a Emmie. Anabwera kale, tinawauza zonse."

Achimwene, Emmie yemwe uja, msuweni wawo, wotchapa kwa azungu ku Area 10! Mnzawo wina wa a Nasoni ndiye anandimasulira. Tsiku lolembedwa ntchito anawaperekeza ndi Emmie poti amadziwa Chizungu. Atafunsidwa kuti mayiwa ndani, amuna angawo, bambo a Jobu, anaseka n'kuti ndi mkazi wanga, mwa chisuweni chathu chija. Kalalikiyo anangolemba. Nditabwererako ndinamuuza kuti kwathu msuweni aliyense ndi mkazi wapakamwa chabe, koma anati kampani sidziwa nthabwala. Zinandinyansa kwabasi. Ana anayi ndabereka ine, lero akuti mkazi ndi wina chifukwa cha phwete!

Ndinameza manyazi n'kupita ku Area 10. Mlonda sananditsegulire. Emmie anabwera pageti atavala yunifolomu yake yoyera, ndipo nditamufunsa ngati bambowa ali moyo, anati: "Pepani amayi a Jobu, anandiuza kuti ndi chinsinsi cha banja."

Cha banja, achimwene. Ananena osaseka.

Inu ndinu ankhoswe, munalipo pamene ukwatiwu unkamangidwa. Chonde kwerani basi mubwere, mukawauze a tayiwo kuti mkazi wa Nasoni ndani. Za Emmie tidzakamba pambuyo. Pano ndikungofuna kudziwa ngati ndiphike phala lopita nalo kuchipatala kapena nditumize uthenga kumudzi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni panjira.

Ndine mlongo wanu,
Evelesi