Masiku khumi osayankhula

3 Novembala 1986
Mawu andithawa. Dzulo kunyumba ya tiyi, anthu thothotho, ndili pakati pa nkhani ya mkulu wa asilikali wozingidwa pamlatho. Kumenya patebulo kathabwa kanga kokambira nkhani, kutsegula pakamwa, mpweya wokhawokha. Zaka makumi anayi ndikukamba nkhani, sizinandichitikirepo. Aphunzitsi anga sanalembe ndi tsamba limodzi lomwe, ankangondithira m'khutu. Tizilembo tanga tokhotakhotati, tophunzira kuukulu, sitingasenze nkhani ya miyezi itatu. Mawu akapanda kubwerera ndiye kuti yafera m'mimba mwanga.

5 Novembala
Kwa a sing'anga a Zeng. Dzanja pakapilo, zala zawo zitatu pamtsempha, maso otseka. Dzanja linalo chimodzimodzi. Kenako lilime. Akuti moto wakwera m'mapapo, madzi a m'thupi aphwa. Singano ziwiri pakhosi, ziwiri m'manja, osamva kuwawa. Timapukusi khumi: mizu, makungwa, makoko a nyenje. Tsabola ayi, fodya ayi, kuyankhula ayi, masiku khumi. Mkazi wanga Suqiong anaseka mpaka misozi. "A sing'anga, bwanji muwonjezere mwezi, makutu angawa apumeko."

7 Novembala
Kuwawa kwake mankhwalawa! Suqiong amawaphika mumphika wadothi, moto wapansipansi, akupemerera utsi, akudandaula ndi bondo lake. Chakudya chopanda tsabola ngati ndikutafuna thonje. Komabe iyenso wasiya tsabola, osandiuza. Ndangoona m'mbale mwake. Mayi ameneyu.

9 Novembala
Zotsalira za mankhwala Suqiong amazithira pamsewu mmawa uliwonse, kuti odutsa aponde, atenge matenda apite nawo kutali. Koma anthu a m'kanjira kathu ndi ochenjera. Ndaonera pawindo: wanjinga akhota, mayi wogulitsa ndiwo alumpha. Galu yemwe ananunkhiza n'kulambalala. Sindikuwadzudzula, ndani afuna nthenda ya mnzake? Ndinayesa kunong'ona kubafa. Palibe kanthu. Mantha.

12 Novembala
Singano kachitatu. A Zeng akuti mtsempha wayamba kufatsa, lilime layera. Ndinawalozera kukhosi, maso akufunsa. Anangoti mtengo wouma suthiriridwa tsiku limodzi. Munthu wodekha, manja ofunda. Suqiong wamva kumsika kuti mwini nyumba ya tiyi akuganiza zogula kanema, pampando wanga pasakhale popanda kanthu. Sindinadye.

14 Novembala
Mmawa, Suqiong atangothira zotsalira, phokoso panja. Kusuzumira, a Liao ometa tsitsi aja, amene akhala pampando wakutsogolo zaka makumi awiri akunditsutsa nkhani iliyonse. Pambuyo pawo nkhalamba zisanu ndi ziwiri za kunyumba ya tiyi, wina ndi ndodo, wina ndi mbalame yake m'chikwere. Onse pamzere, kuponda zotsalira zija. Kukafika pangodya, kubwerera, kupondanso. A Liao ndi chifuwa chawo chosatha, akupondereza ndi chidendene.

Anayang'ana kuwindo. "Iwe chimkamwa, tipatse nthendayo tigawane! Munthu wamusiya pamlatho masabata awiri, afa ndi njala!"

Latsala tsiku limodzi, ndikudziwa. Koma ndinatsegula windo.

"Masiku khumi ndi awiri, mbuzi iwe, suwerenga?"

Mawu ngati chitseko chadzimbiri, koma mawu. Kenako a Liao anakhala pansi pomwepo, pazotsalira, chipewa kumaso.

Suqiong wandimenya ndi chipande pamsana, akulira. Akuti mawa ndikadziulule ndekha kwa a Zeng. Ndipita, ndikawagwadira. Tsopano Suqiong akubwera ndi mbale ina yowawa ija, ndiyambe ndamwa.