Khomo la Emmanuel

Lifuwu, Salima
9 Julaye 2024

Okondedwa alongo anga a Scholastica,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko ndi mphepo yanuyo. Ife tilipo, koma musayembekeze nthabwala m'kalata ino. Ndakwiya, ndipo wandikwiyitsa ndi mwana wanu Emmanuel, bwana wa ku Lilongwe uja.

Pa Pasaka anabwera kuno ndi mkazi wake. Anadya chambo mpaka kumasula lamba. Potsanzika, atakwera kale galimoto, anandigwira dzanja n'kunena m'Chingerezi, pamaso pa mlamu wanu Maria, kuti malume, khomo lathu ndi lotsegula nthawi zonse, mubwere tsiku lililonse. Chingerezi changa ndi cha Sitandade 6, koma ndinamva bwinobwino. Ndinamumasulira Maria, iye n'kuwomba m'manja.

Mukudziwa kuti ng'ala yamuvuta Maria. Masiku ano amathira mchere mu tiyi, ine n'kumamwa ndithu kuti asadandaule. A chipatala cha kuno anatilembera tsiku loti akamupange opaleshoni ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, ndipo anati tikafike m'mamawa kwambiri. Ndinati palibe vuto, tikagona kwa mphwanga, paja khomo ndi lotsegula. Tinanyamuka kutatsala tsiku limodzi, titatenga thumba la mpunga wa chaka chino.

Khomo lotsegulalo, alongo, ndi geti lachitsulo, pamwamba pali waya wamagetsi, kumbuyo kuli galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Mlonda anati abwana sanasiye uthenga wa alendo. Anatiyimbira foni kwa abwana akewo. Emmanuel anati ali pa msonkhano ku Mangochi, mkazi wake ali ndi alendo akuntchito, ndipo tikanayamba taimba. Ndinamukumbutsa mawu ake aja. Anaseka, n'kuti:

"Aa malume, amene aja ndi mayankhulidwe chabe a Chingerezi. Munthu sawatenga ngati zenizeni."

Ine amandidziwa Salima yense kuti ndine wanthabwala. Ndinauzapo abusa kuti ng'ona yabatizidwa padoko. Koma ndikamanama ndimaseka, kuti mnzanga adziwe. Chingerezi cha mwana wanu chimanama nkhope ili gwa. Kusukulu aphunzitsi anatichenjeza kuti Mngelezi akati kukugwa amphaka ndi agalu, usatuluke ndi dengu, ndi mvula chabe. Za khomo lotsegula palibe anatichenjeza.

Maria anakana kugona pa depoti ngati katundu wosowa mwini. Tinakwera minibasi yobwerera tsiku lomwelo, ndipo tsiku la opaleshoni linapita. M'njira ndinayesa kumuseketsa, ndinati galu uja ndiye yekha anatilankhula Chichewa chomveka. Sanaseke. Anangotembenukira kuwindo, kumene saonako kanthu.

A chipatala atilemberanso tsiku lina, kumapeto kwa Ogasiti. Adokotala ati diso lakumanzere lisadikirenso. Ndiye mumufunse mwana wanu, m'Chichewa, ngati azakhali ake angagone m'nyumba mwake usiku umodzi. Ayankhe eya kapena ayi, m'Chichewanso. Akati ayi sindimutemberera, ndikapempha malo kutchalitchi, bola ndidziwe ndisanakwere minibasi.

Mumukumbutsenso kuti nkhoswe ya banja lake ndine. Tsiku limene mkazi wake adzamutulutsire masutukesi panja, adzabwere kuno. Khomo langa ndi lotsegula nthawi zonse. Mumuuze zimenezo m'Chingerezi.

Moni kwa alamu ndi adzukulu onse. Maria ali pambali panga pano, wandikakamiza kuti ndilembe moni wake kwa Emmanuel, ndipo ndalemba dzanja likukana. Mpunga uja anaumiriza kuti tiusiye kwa mlonda, ati mwana salandidwa chakudya chifukwa cha pakamwa pake. Akufunsa ngati unakoma. Ati anaupeta yekha, ndiye akapezamo timiyala amukhululukire, sanatione.

Ine mlongo wanu,
Binwell