Mankhwala Anga Si Akumwa

Okondedwa achimwene,

Ndisanafunse za moyo, ndiloleni ndipereke dandaulo, ndipo lilandiridwe ndi ulemu woyenera. Ine, mwana wachiwiri m'nyumba mwathu, ndikudandaula za chithunzi chimene munanditumizira sabata yatha. Ndinapempha nkhope ya amayi. Chimene chinafika ndi chala chanu chachikulu chitaphimba theka la chithunzi, ndi khutu limodzi la amayi likusuzumira kumbali. Munthu woyendetsa basi yodzaza anthu osagunda ngakhale nkhuku, kulephera kulunjikitsa foni? Chalacho ndachiona, chili bwino, chanenepa. Chikhadabo chokha mudule.

Tsopano, muli bwanji? Nanga alamu ndi ana? Ine kuno ndilipo, kupatula chifuwa chimene chandikakamira chifukwa cha kuzizira kwa mu labotale, momwe makina amasamalidwa kuposa anthu.

Chala chanu chinabisa amayi, koma sichinabise zenera. Pazenerapo ndinaona mabotolo a mankhwala a kuchipatala ali odzaza mpaka m'khosi, ngati atengedwa dzulo. Ndinaimbira alamu, poti inu mukanandiuza kuti zonse zili bwino. Alamu anayamba ndi kuzungulira, kenako anaulula: amayi anasiya kumwa mankhwala mwezi watha, miyendo yatupanso, ndipo kuchoka pakama kukafika pakhomo akumapumira panjira. Akuti amayi akunena kuti mapiritsi a kuchipatala amangonyengerera mtima, sachiza, ndiye akudikira a mwana wawo amene akupanga mankhwala enieni kunja.

Achimwene, mwana ameneyo ndine. Ndipo wofalitsa mbiriyi ndikumudziwa. Ndinu, amene mumauza aliyense wokwera basi yanu kuti mlongo wanu akuphunzira za mankhwala ndipo posachedwa akhala dokotala. Simunaname, ndipo powawa ndi pomwepo. Chilankhulo chathu chinaponya zonse m'thumba limodzi: akumwa ndi mankhwala, ophera makoswe ndi mankhwala, asidi amene anaboola malaya anga a ntchito nayenso ndi mankhwala. Udokotala wanga ndi wa mabuku. Munthu atakomoka pamaso panga ndingakuwe ngati wina aliyense.

Ndikufotokozereni zimene timachita m'nyumba ya labotale muno, kuti mukamanditama muzitama zoona. Pansi penipeni pali anthu ofuna kuphwanya mapulasitiki otayidwa kuti abwerere ku zimene anapangidwa nazo, apangirenso atsopano. Oyandikana nawo akulimbana ndi utsi wa m'mafakitale, akufuna kuugwira usanakwere kumwamba n'kuusandutsa mafuta. Mpaka pano atulutsa timadontho tosakwana kuyatsira nyali. Kuchipinda cha kumapeto kuli akatswiri amene sanagwirepo botolo. Iwo amangofunsa kompyuta kuti iwalosere zinthu zimene zingaphatikizane bwino, ndipo ndi amene akupatsidwa mipando yawofuwofu masiku ano. Enafe timawapatsa moni wa mano okha.

Ine ndili m'gulu la mabatire. Batire la m'foni yanu limadalira chitsulo chosowa komanso chodula, ndiye tikuyesa kupanga ena ochokera ku mchere. Inde, mchere womwewo umene adokotala anawaletsa amayi. Tsiku lonse manja anga amakhala m'magolovesi aatali olowa m'bokosi lagalasi, ndikumanga timabatire tonga mabatani a malaya. Funso langa ndi limodzi: n'chifukwa chiyani batire limatopa? Ukalitchaja lero limasunga moto wocheperapo kusiyana ndi dzulo, kenako limatupa, kenako zii. Ndinkaikonda ntchito imeneyi. Chilankhulireni ndi alamu, ndikaona kabatire katatupa ndimayamba ndatuluka panja.

Opanga mankhwala akumwa alipo, pamwamba pathu. Ndinakwerako, manyazi ndi onse, kukafunsa mayi wina wa kumeneko amene timadyera limodzi masana. Anandimvetsera bwinobwino, n'kundionetsa timbale momwe tizidutswa ta mnofu wa mtima timagunda tokha. Anati zimene akuyesazo zikadzatheka, zidzafika kwa odwala ana athu atakula. Anatinso mapiritsi ali pazenera la amayiwo ndi abwino, kuti kuwapanga kwake kunadyanso zaka zonse za ofufuza ena onga ife, ndipo kuwasiya ndiye kumapha msanga. Ndinathokoza, ndinatsika, ndinakalirira m'chipinda chosungira mabotolo, poti ndi mokhamo mopanda zenera.

Amayi ndinawaimbira. Ndinawauza mosapsatira kuti ine ndimapanga mabatire. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndine wobisa zinthu kuyambira ndili mwana, kuti ngakhale nditakhoza mayeso iwo anamvera kwa aneba, ndiye ndisawatopetse ndi kudzichepetsa, adikira. Kenako anafunsa ngati mankhwalawo adzakhale owawa. Achimwene, ine wa pakamwa paja, ndinangotsanzika n'kudula foni.

Kubwera pano sindingathe. Akuluakulu a labotale akuti ndikachoka ndisanaime pamaso pa ondiyesa mayeso omaliza, chilolezo chokhalira kuno chitha, ndipo zaka zonsezi zipita m'madzi. Ndikangomaliza ndinyamuka inki isanaume. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amayi sangadikire botolo limene kulibe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Choonadi ndayesa, chakanika. Musanapite ku basi, khalani nawo pansi, muwauze kuti ine dokotala wawo ndawaona mapiritsi aja ndipo ndalamula kuti amwe monga analembera achipatala. Muwauze kuti mankhwala anga ndi amphamvu, sagwira m'thupi limene silinakonzedwe ndi a kuchipatalawo, ndipo akadumphitsa tsiku ndiye kuti ine ndiyambirenso ntchito yonse. Mupite nawonso kuchipatala akawaone miyendoyo. Musatume alamu, amayi amawagonjetsa ndi diso lokha. Muime pomwepo mpaka ameze, ndipo muyang'ane pansi pa lilime. Mukuwadziwa.

Kuno munthu akanama pa zotsatira za kafukufuku amamuchotsa, dzina lake n'kufera pomwepo. Ine sindinasinthepo nambala ngakhale imodzi. Bodza ili lokha ndalisakaniza ndi manja anga, ndipo amayi akadzalitulukira adzakwiyire ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ulendo uno kusasunga chinsinsi kwawo ndakuyamikira. Moni kwa azakhali, amene ndamva kuti akufuna ndiwapangire a nyamakazi; muwauze kuti ali pamzere. Ana onse muwasisite mitu. Kwa amayi musapereke moni, ndiwaimbira ndekha akameza.

Pomaliza, pa mlandu wondiveka udokotala umene ndilibe, ndikufuna chipukuta misozi, ndipo ndalama kapena kupepesa sindilandira. Tsiku lofika ine, mudzandipatse amayi ataima okha pageti osagwira khoma, atavala nsapato zawo zoyendera zimene zikukana kulowa panopa, akundinyoza kuti ndaonda ndiponso kuti tsitsi ili si la munthu wophunzira. Adzanyoze mpaka dzuwa kulowa, aneba adzadandaule phokoso. Apilo palibe. Mukalephera, achimwene, misozi yake sindikudziwa kuti adzapukuta ndani.

Ndine mlongo wanu wosautsa uja,
Kamlomo