Makope Asanu ndi Awiri a M'bokosi Lanu

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, amuna anga. Chithunzichi ndachita kufufuza, pakuti ndi chokhachi chimene munayang'ana wojambula, ndipo tsopano ndikudziwa mmene zinakuvutirani.

Tikukumbuka luso lanu pa makina osokera. Telala akangoponda kawiri, inu mutafulatira, munkadziwa kale kachitsulo kamene katha. Munkakamba za makinawo mpaka tiyi kuzizira, osaona kuti mlendo wayamba kuyasamula. Kapu yanu inali imodzi, mpando umodzi, njira ya ku ntchito yomweyomweyo, ndipo msewu ukatsekedwa tsiku lonse linkakuipirani. Malaya atsopano munkayamba mwadula kansalu ka pakhosi, ati kakukulumani. Nthabwala zathu zinkakudutsani, koma makina akalira bwino munkaseka nokha mpaka misozi.

Pa ukwati wa mlongo wanu, zokuzira mawu zitayamba, munatseka makutu n'kutuluka. Amalume anu anati ndinu wonyada. Pa maliro a bambo anu simunalire, munangokweza dzanja kuuza wolalikira kuti walakwitsa chaka chobadwa. Abale anagamuliratu pomwepo kuti mtima wanu ndi mwala. Omwewo lero akumayamba ndiwo kukutamandani.

Nanenso mlandu ndili nawo. Mukaweruka munkadzitsekera kuchipinda ola lathunthu ndi bokosi lanu la loko, ndikafunsa inu n'kuyang'ana pansi. Alamu anga anandinong'oneza kuti mwamuna wothawa maso a mkazi wake ali ndi wina. Ndinakhulupirira. Ndinabereka mwana wathu kumsana n'kupita kwa akulu anga, nditakuuzani kuti musanditsate, chonsecho ndinkakhalira kusuzumira pawindo. Inu munamvera mawuwo monga ndinawanenera. Masabata atatu m'mimba mukukupotani simunauze munthu, ku ntchito mukufikabe pa ola lake. Mmene anzanu ankakutengerani kuchipatala n'kuti nthawi itatha.

Maliro anu atatha, loko uja ndinamuswa ndikufuna dzina la mkaziyo. Ndinapeza makope asanu ndi awiri, odzaza ndi zilembo zanu zazing'ono. “Munthu akamalankhula uziyang'ana pamphumi pake, aziyesa ndi m'maso.” “Mkazi wanga akati palibe kanthu ndiye kuti chilipo, funsa kawiri.” “Lachisanu lililonse umuuze kuti watchena.” Zomwe enafe timangobadwa nazo, inu munkachita kuloweza, nokhanokha, kuti musatikhumudwitse. Pa tsamba lomaliza munalemba kuti: “Wati ndisamutsate. Ndidikire masiku angati?”

Dokotala amene ndinamuonetsa makopewo anati zonsezi zikufanana ndi zizindikiro za otizimu, mtundu umene munthu amaphunzira, kugwira ntchito ndi kumanga banja, koma phokoso limamupweteka ndipo za mumtima mwa anthu zimamuvuta kuwerenga. Zaka makumi atatu ndi zinayi tinkakupatsani maina. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pansi kukufunsani kuti chikukuvutani n'chiyani.

Amalume anu andiletsa kusindikiza izi, ati ndichititsa manyazi mtundu. Awerenge, manyaziwo adziwe eni ake. Mayi anu akukulirani, mlongo wanu akukulirani, ndipo mwana wathu wamkazi akamakula ndidzamuwerengera makopewo tsamba ndi tsamba, adzamve kwa inu, osati kwa abale aja.

Funso lanu ndikuyankha mochedwa: simunayenera kudikira ngakhale tsiku limodzi.

Sitidzakuiwalani.