Mapulagi Ndawasiya

Lachitatu. Kwatentha tsiku lonse.

Ku ofesi ya alimi ku Mponela, komwe ndimasesa ndi kutseka, kunabwera mayi wokonza makompyuta. Akuti pulogalamu yathu ya imelo ili ndi chibowo. Wakuba akatumiza uthenga wautali kuposa malo ake, umasefukira, iye n'kulowa kuwerenga makalata onse. Chigamba chotsekera chibowocho chimalowa chokha kudzera pa intaneti tikaweruka, makompyuta akakhala oyaka, koma kwathu sichinalowe.

"Bambo, amazimitsa ndani madzulo?"

"Ndine, mayi. Ndimazula mapulagi onse, kuopa mphenzi. Sindinaphonyepo."

Mayiwo anaseka, abwana sanaseke. Abwanawo akuti chigambacho chikapanda kulowa pofika Lachisanu, ndibweze makiyi.

Lero ndatseka zitseko, mapulagi ndawasiya. Panopa mvula ikugunda cha ku Ntchisi, ndipo makiyi ali m'thumba mwangamu.