Chisoso cha Kuseri kwa Garaja

Wokondedwa Upile,

Uli bwanji ku Beech Grove, mng'ono wanga, ndi alamu a Dixon? Ife ku South Bend tili moyo, ndipo pano mawu amenewa sindikuwatchula mwachizolowezi. Ndalemba chifukwa pafoni pakamwa pakundilemera.

Ukumudziwa Bisiketi, galu wa mdzukulu wanga Madalo, uja ndinkamuthamangitsa ndi tsache. Galu wogona pampando ngati mlendo wolemekezeka!

Lachitatu ndinaona timasamba tanthete kuseri kwa garaja, ta maluwa achikasu. Mtima unati chisoso cha kuno chimenechi. Ndinathyola, nkutendera ndi chiponde kuti Madalo akaweruka kusukulu alaweko ndiwo zakwathu. Ine sindinalawe, paja Lachitatu ndimasala kudya. Mphika ndinauika pakhonde kuti uzizire, Bisiketi nkuugubuduza, kunyambita mpaka mbee.

Posakhalitsa anayamba kudzandira, kunjenjemera, thovu kukamwa. Mwana wanga Edmond atafika ndi Madalo tinathamangira kuchipatala cha ziweto, Madalo akulira m'Chingerezi njira yonse.

Adokotala anafunsa chimene wadya. Ndinamasula kansalu momwe ndinamanga masamba otsala, osaulula kuti ena ndinaphika. Atangowaona anati dzina lake ndi corydalis, chomera chapoizoni chogwira ubongo ndi mtima, choti ngakhale nkhosa chimaigwetsa.

Galuyo anamusanzitsa, namuika diripi ngati munthu. Kenako anabwera ndi makala, Upile! Makala osungunula, omwe aja amayi ankatisinjira tikadya zoipa. Ndinangogwira pakamwa. Lachisanu galu anadzuka nagwedeza mchira.

Tsono nachi chondisowetsa mtendere. Onse akuganiza kuti anadya yekha kuseriko, ndipo Edmond wazula zonse akumukalipira kuti ndi wadyera. Mphika ndinautsuka msanga. Palibe akudziwa kuti mbale imeneyo inali ya Madalo.

Ndikaganiza ndimachita mantha ndi Mulungu. Anatseka pakamwa panga ndi kusala, natuma galu amene ndinkamunyoza kuti akadye imfa ya mdzukulu wanga. Pano ndimamuitana kuti a Bisiketi, anawa nkumaseka, osadziwa kuti sindikuchita nthabwala.

Chonde bwera Loweruka, udzakhale pambali panga ndikamauza Edmond ndi mkazi wake. Mwina sadzandisiyiranso mwana, koma sindingalole kuti galuyu azisenzabe mlandu wanga.

Undiperekere moni kwa a Dixon ndi ana. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Chiyamiko