Mayina amene malemu analemba sakutuluka

Aphungu,

Mkazi wanga Mirriam anatisiya nthawi yokolola. Ndiye anali mlembi wa kalabu yathu ya alimi a mtedza, ndipo mayina a mamembala ankawasunga mu laputopu imene bungwe lina linatipatsa. Titasesa, anzathu anati ndipitirize ine poti ndinafikako Fomu 2.

Kuno amayi timawadziwa ndi mfunda, choncho malemu ankalemba chonchi: Lenia (Nabanda). Pambali pa kabokosi kofufuzira pali mawu akuti regex, omwe sindiwadziwa. Ndikalemba dzina ndendende mmene iye ankalembera, sipatuluka kanthu. Ndinayesa lake lomwe, Mirriam (Nangondo). Zii. Tsikulo sindinadye.

Ndikuopa kuti ndinadina polakwika n'kufufuta ntchito yake yonse. Mbewu tiyenera kugawa mvula isanagwe, ndipo apampando athu, a Moffat, akumandifunsa kuti, "Bambo a Faith, mayina aja bwanji?" Ndimangoti mawa. Wokonza mafoni pa Malomo wati, "Bweretsani laputopuyo tiipukute, iyambe ngati yatsopano." Ndipite nayo?

E.K., Malomo, Ntchisi

Bambo E.K.,

Pepani ndi zovutazi. Mtima m'malo, sindikuganiza kuti munafufuta kanthu. Regex ndi kafufuzidwe kamene kamatenga zizindikiro zina ngati malamulo, osati zilembo wamba. Mukalemba Lenia (Nabanda), kompyuta imasaka Lenia Nabanda wopanda mabulaketi, ndipo woteroyo mulibemo.

Choyamba lembani Nabanda basi. Anabanda onse akatuluka, pumani kaye. Pofuna munthu mmodzi, ikani kamzere kopendekera kumbuyo aka \ patsogolo pa bulaketi iliyonse, chonchi: Lenia \(Nabanda\). Kamzereka kamauza kompyuta kuti chizindikiro chotsatiracho ichitenge mmene chilili. Chitani chimodzimodzi ndi . + ? ndi *. Mapulogalamu ena amafuna timizere tiwiri, ndiye kamodzi kakakanika onjezerani. Ngati pa regex pali chonga, kuchotsa chongacho n'kwachidule kuposa zonsezi.

Mayina akaoneka, akopereni pa fulashi, kachipangizo kosungiramo zolemba za pa kompyuta kaja, tsiku lomwelo. A Moffat auzeni zoona, nawonso anali pamaliropo. Dzina la mayi a Faith mukalitsegule muli limodzi ndi a Moffatwo, musakhale nokha.

Koma chonde, kwa wokonza mafoniyo musapite nayo. Kupukuta kumene akunenako ndiye kufufuta kwenikweni, ndipo zikatero ngakhale ine sindidzakhala ndi chokuuzani.

Aphungu